ZA KUMUNDA NDI KUNKHOKWE: CUKU NDI AKAPASO ACE

M'mwezi wa August caka ca 2024, a Elijah Muchima, amene pa nthawiyo anali Nduna ya za Umoyo, anauza dziko kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'kati mwa mwezi umodzi, ndi kuti cokayikitsa cinali cakudya cao copangidwa ndi cimanga. Akatswiri a Boma atapima ufa wotengedwa ku makampani ogaya, anapeza kuti mwa miyeso 25, pafupifupi theka inali ndi ciphe cochedwa aflatoxin copitirira mlingo wololedwa. Boma linalamula kuti ufa wotero ucotsedwe m'masitolo.

Ambiri kumidzi anamva nkhaniyi pa wailesi nati ndi za anthu a m'tauni amene amagulira agalu ao cakudya ca m'matumba. Koma cimanga cogayidwa m'tauni cimacokera kumunda, ndipo galu wa kumudzi amadya mkute wa mbuye wace. Ngati mkutewo uli ndi ciphe, ndiye kuti ana a pakhomopo anadyako kale usiku.

Pali cinthu cimodzi pa nkhaniyi cimene cinazunguza mitu ya alimi. Caka cimeneco cinali ca cilala, ndipo Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza pa 29 February 2024 kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Inu a ku Chongwe simufuna kukumbutsidwa m'mene cimanga cinapserera ciri ciimire. Tsono tonse timadziwa kuti cuku cimakonda cinyezi. Nanga zinatheka bwanji kuti ciphe ca cuku ciculuke m'caka cimene mvula inakana? Yankho lace liri m'kati mwa cuku momwemo, ndipo ndi limene tifuna kulongosola m'danga lino lero.

CUKU NDI CAMOYO

Cuku si dothi kapena fumbi monga ena amaganizira. Ndi cinthu camoyo, mbale wace wa bowa amene amayi amazula m'chire nthawi ya dzinja. Thupi lace ndi timaulusi tating'onoting'ono toyanga m'kati mwa cakudya cace, ndipo mbeu zace nzopepuka ngati utsi, zouluka ndi mphepo. Mitundu yace njosawerengeka, ndipo ina njothandiza. Yisiti wotupitsa buledi ndi wa banja lomwelo, ndiponso mankhwala a penicillin anacokera ku cuku. Wobvuta pa nkhani yathu ndi mtundu umene ophunzira amaucha Aspergillus flavus, wa maonekedwe obiriwira mosakanizika ndi cikasu. Umakhala m'nthaka ya minda yathu, kudya mapesi ndi zinyalala, ndipo palibe mlimi amene angauthetse.

Dziko linadziwa za ciphe cace m'caka ca 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya copangidwa ndi nshawa za ku Brazil. M'caka ca 2004, kum'mawa kwa Kenya, anthu 317 anadwala ndipo 125 anamwalira atadya cimanga ca m'minda yao, cimene cinakula m'cilala kenaka nkubvumbwidwa ndi mvula pa nthawi yokolola. Awo anadya ciphe cambiri nthawi imodzi, maso ao nkusanduka acikasu, ciwindi nkuleka kugwira nchito. Koma imfa zotero siziculuka. Cofala ndico kudya pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, kwa zaka zambiri. Kudya kotero kumadzetsa khansa ya ciwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a ciwindi ochedwa hepatitis B. Ku Benin ndi ku Togo ofufuza anapeza mu 2002 kuti ana opinimbira ndiwo anali ndi ciphe cambiri m'magazi mwao. Ng'ombe ikadya gaga woipitsidwa, gawo la cipheco limatulukira mu mkaka, ndipo alimi a mkaka a ku Palabana ayenera kulisunga limeneli mumtima.

Ciphe cimeneci siciona moto. Kuphika nsima, kukazinga nshawa kapena kuwiritsa phala sikucithetsa. Ciribenso fungo. Njere ingaoneke yoyera bwino koma iri naco, monga akuluakulu ananena kuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mlingo wololedwa muno m'Zambia ndi magawo 10 pa magawo 1,000 miliyoni. Kunena mwa njira yomveka, ndi ngati timasupuni tiwiri ta tiyi towazidwa m'matumba 20,000 a makilogalamu 50. Katswiri wathu wa muno m'dziko, a Paul Kachapulula, pamodzi ndi anzao anafalitsa mu 2017 zimene anapeza atapima cimanga ndi nshawa za m'misika ya Zambia. Pa miyeso 100 iri yonse, pafupifupi 17 inapitirira mlingowo, ndipo ciphe cinaculuka kopambana m'madera otentha a ku zigwa. Atatenga mbeu zimene zinali zabwino nazisunga dala pamalo ofunda ndi a cinyezi, cipheco cinakwera koopsa.

M'MENE CUKU CIMAMVERA

Cuku ciribe maso, makutu kapena ubongo. Komabe cimadziwa ngati kunja kwatentha, ngati kwauma, ngati kuli mdima kapena kuwala, ndiponso ngati cagwera pa mwala kapena pa njere ya mafuta monga nshawa. Cikadziwa, cimasintha khalidwe lace. Kwa zaka zoposa 30 ophunzira akhala akufufuza m'mene zimenezi zimacitikira, ndipo zimene anapeza sizobvuta kumva kwa munthu wokulira kumudzi.

Camoyo ciri conse ncomangidwa ndi tizipinda tating'ono tosaoneka ndi maso, tochedwa maselo. M'selo iri yonse muli mapuloteni a mitundu zikwizikwi. Amayi ambiri mau akuti puloteni anawamva ku sikelo ya ana, kumene anamwino amati nyemba, mazira ndi kapenta nzomanga thupi. Nzoona zimenezo. Koma si mapuloteni onse amene ali njerwa zomangira. Ena ndi anchito, ndipo pakati pa anchitowo pali alonda ndi akapaso.

Alonda amakhala pa khungu la selo, mbali ina kunja, mbali ina m'kati. Wina amamva shuga, wina amamva kuuma, wina amamva kulimba kwa cinthu cimene cuku catsamira. Mlonda sacoka pamalo pace. Akamva kanthu amagwedeza puloteni yoyandikana naye m'katimo, imeneyo nkudzutsa ina, uthenga nkumayenda mpaka ukafike m'cipinda ca pakati pa selo, m'mene mumasungidwa majini, ndiwo malangizo onse a moyo wa cinthuco. Ziri monga m'mene nkhani ya m'mudzi siimafikira yokha kubwalo la mfumu. Imadzera kwa nyakwawa ndi kwa nduna, ndipo cigamulo cimabwerera ndi kapaso.

Ambiri mwa akapasowa ndi a gulu lochedwa kinase, ndipo nchito yao ndi imodzi yokha, kumata kacidutswa ka phosphate pa puloteni inzao. Phosphate ameneyu ndi wa mtundu umodzi ndi uja ali m'fetereza wa D Compound amene mumathira pobzala. Puloteni ikamatidwa imasintha kaimidwe kace, nkudzuka, nkukamata yotsatira. M'njira yodziwika kwambiri, yochedwa MAP kinase, akapaso amakhala atatu otsatizana, ndipo wacitatuyo ndiye amalowa m'cipinda ca pakati kukanena majini oyenera kutsegulidwa ndi oyenera kutsekedwa. Palinso mapuloteni ena amene nchito yao ndi kumatula phosphate uja, kuti uthenga wa dzulo usamalirebe lero. Zonsezi zimacitika m'mphindi zowerengeka.

Cuku ciri nazo njira zingapo zotere, iri yonse ndi nkhani yace. Imodzi njoona za kuuma. Pamalo pakauma kapena pakaculuka mcere, madzi amayamba kuthawa m'selo. Alonda amamva, akapaso amathamanga, ndipo selo imayamba kupanga glycerine, yemwe uja amayi amadzola m'nyengo yacisanu kuti khungu lisang'ambike. Glycerine amagwira madzi kuti asathawe. Ndi cifukwa cace Aspergillus amapirira pouma pamene tizamoyo tina ta m'nthaka tagonja.

Za ciphe ziri motere. Majini opangira aflatoxin ali pafupifupi 30, ondandalikana malo amodzi ngati nyumba za pa komboni, ndipo ali ndi kapitao wao, puloteni yochedwa AflR. Kapitaoyu akapanda kulamula, nchito siiyamba. Ofufuza anaona mwa abale a cuku cimeneci kuti pamene uthenga wakuti "kula" ukulira mosalekeza, kapitaoyo amakhala womangidwa manja ndipo ciphe sicipangidwa. Uthengawo ukazirala, cuku cimacepetsa kukula, cimayamba kubala mbeu zace, ndipo kapitao amamasulidwa. Kutentha nakonso kuli ndi mau. Ciphe cimapangidwa kwambiri pa madigiri 28 mpaka 30, pamene pa 37 cuku cimakulabe bwino koma ciphe cimacepa. Motero kuculuka kwa cuku ndi kuculuka kwa ciphe ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo diso lingathe kuona coyambaco cokha.

Tsopano tibwerere ku funso la cilala. Mbeu yathanzi imadziteteza. Njere ya nshawa imene iri ndi madzi okwanira imapanga mankhwala aceace oletsa cuku, koma ikafota ndi ludzu imaleka kuwapanga. Makoko amang'aluka m'nthaka youma, ciswe nkuboola. Cisononkho ca cimanga cimatuluka kunsonga makoko osacikuta, ndipo kapuci ndi nchemberezandonda zimasiya mabala. Tizamoyo tina timene timalimbana ndi Aspergillus m'nthaka timafooka ndi kutentha, iye nkutsala yekha pabwalo, atatetezedwa ndi akapaso ace a za kuuma aja. Ndiponso ofufuza aona kuti cuku cokhala m'njere yosautsidwa ndi dzuwa cimapanga ciphe cambiri kuposa cokhala pa mtendere. Kwa nshawa, nthawi yoopsa ndi masabata 4 mpaka 6 otsiriza zisanakumbidwe. Cotero ciphe cimayambira m'munda, mbeu isanaone nkhokwe, ndipo cinyezi ca m'nkhokwe cimangopitiriza nchito imene dzuwa linayamba.

KUDULA UTHENGA

Wina angafunse kuti kudziwa maina a mapuloteniwa kuli ndi phindu lanji kwa mlimi wa ku Kanakantapa. Phindu lace nlakuti uthenga ungathe kudulidwa. M'caka ca 2004, a Jin Woo Bok ndi mai Nancy Keller a pa yunivesite ya Wisconsin ku America anapeza puloteni imene anaicha LaeA, yoyang'anira akapitao a ziphe zosiyanasiyana m'cuku. Pambuyo pace, itacotsedwa mwa Aspergillus flavus, cukuco cinaleka kupanga aflatoxin. Cinalekanso kupanga timibulu takuda tolimba timene cimabisalamo m'nthaka podikira dzinja lina, ndipo cinafooka polowa m'njere za nshawa ndi cimanga. Puloteni imodzi yokha inagwira zonsezo.

Palibe angayende m'munda kucotsa puloteni m'cuku ciri conse. Mwamwai, cilengedwe cinayamba kale nchitoyi. Pakati pa Aspergillus flavus wa m'nthaka yathu pali mabanja ena obadwa opanda ena mwa majini 30 aja. Uthenga umafika, kapitao nkusowa anchito, ndipo ciphe sicipangidwa. Katswiri wa ku America, a Peter Cotty, anayamba kugwiritsa nchito mabanja otere m'minda ya thonje ku Arizona. Bungwe la IITA linabweretsa nzeruyi ku Africa, ndipo likulu lace la kumwera kwa Africa liri pa mseu wa Ngwerere, m'boma lathu lomwe lino la Chongwe. Mogwirizana ndi bungwe la Boma lofufuza za ulimi la ZARI, la ku Mount Makulu, ndi la NISIR, anasonkhanitsa cuku ca m'minda ya Zambia, nasankhamo mabanja opanda ciphe, napanga mankhwala ochedwa Aflasafe. Mitundu yace iwiri, ZM01 ndi ZM02, inabvomerezedwa muno mu 2018.

Aflasafe ndi njere za mapira zophedwa kuti zisamere, zokutidwa ndi mbeu za cuku cabwinoco ndi kupakidwa utoto wobiriwira ngati thambo kuti munthu asazidye. Mlimi amaziwaza ndi dzanja m'munda, makilogalamu 10 pa hekitala, ndiye kuti 2 ndi theka pa lima imodzi, kutatsala masabata 2 kapena 3 kuti mbeu icite maluwa kapena ngaiyaye, nthaka iri yonyowa. Cuku cabwino cimamera pa mapirawo, cimabala, nkuyamba kufika pa cimanga ndi pa nshawa coipaco cisanafike. Nyumba ikakhala ndi mwini, mlendo salowamo. M'maiko osiyanasiyana m'mene anayesa, ciphe cinacepa ndi magawo 80 pa 100 kapena kuposapo. Bvuto lace nlakuti mankhwalawa saonjezera matumba, ndipo wogula wa pamseu salipira mtengo wapadera pa cimanga copanda ciphe. Ife tikuona kuti pokhapo ogula aakuru ndi makampani ogaya atayamba kupima mbeu ndi kulipira bwino yoyera, alimi ocepa okha ndiwo adzaona cifukwa cowonongerapo ndalama. Ofuna kudziwa kumene angawapeze afunse alangizi a zaulimi a m'dera lao.

Njira ina yodulira uthenga ena a inu munaigwira kale m'manja osadziwa. Mbeu zina za m'sitolo zimapakidwa mankhwala ochedwa fludioxonil. Iwowa sapha cuku monga m'mene moto umaphera. Amanamiza alonda a za kuuma aja kuti kunja kwauma koopsa, akapaso nkumathamanga osapuma, selo nkupanga glycerine wosaleka, nkumwa madzi mpaka kutupa ndi kuphulika. Cuku cimafa ndi bodza. Tikumbutse pano kuti mbeu yopakidwa mankhwala siidyedwa ngakhale mutaitsuka, ngakhale njala itakula motani.

Alimi a tirigu ali nayo nkhani yaoyao. M'dzinja la 2017 mpaka 2018, ku Mpika kunaoneka matenda oumitsa ngala za tirigu ochedwa wheat blast, koyamba mu Africa yense, ndipo amene anawazindikira ndi mai Batiseba Tembo a ku ZARI. Matendawa anayambira ku Brazil mu 1985 nafika ku Bangladesh mu 2016. Cuku cace cimathyola citseko ndi mphamvu. Mbeu yace ikagwera pa tsamba imamva kuti yatera pa cinthu colimba ndi coterera, nkupanga kacibulu komamatira, kamene kamadzipopa kufikira mphamvu yace iposa ya mpweya wa m'tayala la galimoto pafupifupi ka 40, kenaka nkuboola tsambalo ndi kamsomali. Mu 1996, a Jin-Rong Xu ndi a John Hamer a pa yunivesite ya Purdue, pofufuza cuku ca mtundu womwewo cogwira mpunga, anacotsa kapaso mmodzi wochedwa Pmk1. Cukuco cinakulabe bwino m'mbale ya ofufuza, koma pa tsamba cinangoyendayenda osapanga kacibulu kaja, mpunga nkukhala wosadwala.

CIKALOWA M'THUPI LA MUNTHU

Mitundu ya cuku ndi bowa iripo mamiliyoni, koma yodwalitsa munthu ndi mazana owerengeka okha. Cimodzi mwa zifukwa zace ndi kutentha kwa thupi lathu, madigiri 37, kumene yambiri siingapirire. Umodzi mwa yopirira ndi Cryptococcus, wokhala m'makungwa ndi m'mphako za mitengo ina ndi m'zitosi zouma za nkhunda. Ambiri a ife tinaupuma kale ndi mpweya tiri ana, thupi nkuugonjetsa. Koma mwa munthu amene citetezo cace cagwa, makamaka wa HIV amene sanayambe kumwa ma ARV kapena anawaleka, umadzuka nkukwera ku ubongo. Ciwerengero ca caka ca 2020 cinasonyeza kuti matenda oumitsa khosi a mtundu umenewu anapha anthu a HIV pafupifupi 112,000 pa dziko lonse, ambiri a iwo muno mu Africa, ndiye kuti pafupifupi imfa imodzi mwa imfa 5 ziri zonse za AIDS.

Cimene cimaupatsa mphamvu yopirira kutentha ndi puloteni yochedwa calcineurin, imodzi mwa zija zomatula phosphate. Mu 1997 gulu la a Joseph Heitman pa yunivesite ya Duke linasonyeza kuti Cryptococcus wopanda calcineurin amakula bwino pamalo ozizirira, koma pa madigiri 37 amalephera, ndipo sadwalitsa nyama zoyesera. Mungaganize kuti pamenepo mankhwala anapezeka. Mankhwala otseka calcineurin analipo kale, koma munthu nayenso ali ndi calcineurin wace, ndipo asilikali a m'magazi mwathu amadalira iyeyo kuti adzuke. Ndi cifukwa cace mankhwalawo amapatsidwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina, kuti thupi lisaikane. Kumpatsa wodwala amene citetezo cace cagwa kale kungakhale kumkankhira kumanda. Pamenepa mpamene pagona bvuto lonse la matenda a cuku. M'kati mwa maselo, cuku cimafanana nafe kuposa m'mene mabakiteriya amafananira nafe, ndipo cimene cipweteka ico kawirikawiri cimapwetekanso ife. Ofufuza akali kusula mankhwala oti agwire calcineurin wa cuku nkusiya wa munthu.

Pakali pano mankhwala ocizira alipo, ndipo dziko lathu linathandiza kuwayesa. Cipatala ca UTH ku Lusaka cinali cimodzi mwa zipatala za m'Zambia, Malawi, Tanzania ndi Cameroon zimene zinacita kafukufuku wochedwa ACTA, wofalitsidwa mu 2018, amene anasonyeza kuti kuphatikizapo mankhwala a flucytosine kumapulumutsa miyoyo yambiri. Mu 2022 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linabvomereza njira yatsopano, yolandira mankhwala amphamvu a m'mtsempha kamodzi kokha, kenaka nkupitiriza ndi mapiritsi. Cofunika ndi kufulumira. Munthu wa HIV akamva mutu kwa masiku angapo wosamva Panadol, khosi nkuuma, maso nkumaopa kuwala, kapena akayamba kulankhula zosokonekera, musataye masiku kufunafuna amene wamlodza. Mtengereni ku cipatala tsiku lomwelo. Matendawa sapatsirana, ndipo omdwazika asaope. Kwa amene CD4 yao yatsika kwambiri, pali kupima magazi kumene kumaona cukuci mutu usanayambe.

ZA PAKHOMO

Tibwerere ku nkhokwe. Popeza cuku cimamvera zimene cazingidwa nazo, nchito ya mlimi ndiyo kusacipatsa uthenga umene cikufuna. Bzalani ndi mvula yoyamba yokwanira, kuti mbeu ikhwime mvula isanathe. Mapesi ophimbira nthaka, manyowa ndi mizere yotseka yosunga madzi, zimene a ku Kasisi Agricultural Training Centre akhala akuphunzitsa kwa zaka zambiri, zimacedwetsa ludzu la mbeu m'masabata otsiriza aja. Nshawa zikakhwima zikumbeni, osazisiya m'nthaka youma kudikira kuti muyambe mwatha cimanga, ndipo samalani khasu lisateme makoko. Ziumitseni makoko osagusa dothi. Cimanga musaciunjike pansi. Ciyanikeni pa thandala, pa mphasa kapena pa tenti, ndipo madzulo mucifunde.

Kuti mudziwe ngati cauma, ikani njere zodzaza dzanja m'botolo louma la galasi, thiranimo supuni ziwiri za mcere wouma bwino, tsekani, khutchumulani nkudikira kanthawi. Mcere ukamamatira m'mbali mwa botolo, cimanga cikali ndi madzi. A FRA akamakana cimanga copitirira 12.5 pa makina ao opimira cinyezi, alimi amadandaula kuti akucedwetsedwa, ndipo nzoona kuti ndalama imafunika msanga. Komatu wogula amene amabwera m'mwezi wa April ndi sikelo yace, nkutenga cimanga cosauma pa mtengo wotsika, amakaciunjika m'matumba, ndipo ndi comweco cimene cimabwerera kwa ife ngati ufa m'mwezi wa January.

Matumba osalowa mpweya, monga a PICS amene anapangidwa pa yunivesite ya Purdue yomwe ija, amapha anankafumbwe popanda mankhwala ndipo amaletsa cuku kukula, popeza naco cimafuna mpweya. Koma muikemo mbeu youma yokha. Matumba a masiku onse asanjikeni pa mitengo, osagusa pansi kapena cipupa. Denga la nkhokwe likonzedwe mwambo wa Chakwela Makumbi usanafike, cifukwa mitambo ikakwera nthawi yofolera yatha.

Pali zizolowezi ziwiri zimene tiyenera kuzinena mosabisa, ngakhale ena akwiye. Coyamba ndi kuwaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, kapena kuti zilemere pa sikelo. Cuku cimene cinagona m'makoko ouma cimamva madziwo usiku womwewo, ndipo wocita zimenezi amadzutsa ndi dzanja lace cimene dzuwa linagoneka. Caciwiri ncopweteka kopambana. Posankha nshawa, zonenepa ndi zosalala zimapita ku msika, ndipo zofota, zosweka ndi zakuda zimatsala pakhomo. Zotsalazo ndizo zimasinjidwa nsinjiro zothira m'phala la mwana wa miyezi 6, amene ciwindi cace cikali canthete. Ciphe cambiri ca m'thumba lonse cimakhala m'njere zowerengeka zomwezo. Mai amene amacita zimenezi sacita mwa nkhanza, koma poopa kutaya cakudya, ndipo abambo amene amawerenga matumba opita ku msika ali nalo gawo lao pa mlanduwu. Mwana asinjiridwe nshawa zabwino zoyamba, ndipo msika ulandire zotsatira.

Mwambo wa makolo wokonola cimanga, kupeta, kubviika mphale ndi kutaya madzi ace umacotsa gawo lalikuru la ciphe, ndipo m'caka cokayikitsa ndi wanzeru kuposa kugaitsa mgaiwa. Njere zoyandama pobviika zitayeni. Dziwani kuti ciphe cocotsedwaco cimatsalira m'gaga, cotero gaga wa cimanga cokayikitsa asapite kwa ng'ombe ya mkaka kapena kwa anapiye. Cimanga coola cisapite kumowa kapena ku thobwa, pakuti kuwira sikucithetsa cipheco. Njere zonse zosankhidwa zoipa zitenthedwe, kapena zikwiriridwe m'dzenje lakuya kutali ndi citsime, kumene nkhuku, nkhumba ndi agalu sangafukule.